Tsiku Limene Tebulo Linalankhula Chishona

Pamashopu a ku Glen Norah, pakati pa butchala ndi pamene makombi, maminibasi a kuno, amakhotera, pali kantini ya Mayi Febbie. Ndi kontena yakale yopaka utoto wobiriwira, kutsogolo kwake anakhomako khonde la malata, ndipo pansi pa khondelo pali matebulo a pulasitiki amene sangaime bwino popanda kachikatoni kunsi kwa mwendo. Mayiwa amagulitsa tiyi, mabanzi ndi mazira okazinga, masana n'kuwonjezera mang'ina. Pamafika aliyense: makondakitala, amayi a matimati, anyamata ongofuna kutchaja foni. Koma tebulo la pakona, loyandikana ndi ketulo, linali ndi eni ake.

Eni akewo anali madala ochokera ku Malawi, ena obadwira m'mafamu, ena obwera ali kumsana kwa amayi awo, onse opuma ntchito m'mafakitale. Aliyense anali ndi kapu yake yachitsulo yopachika pa msomali kukhoma la kontena, ndipo pa msomali woyamba pankakhala kapu ya Bambo Lameki. Lamulo la patebulopo analiika ndi iwo: pano timalankhula Chichewa. Amene lilime lamuterera n'kulankhula Chishona adzuke akatsuke makapu onse, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya ndani. Kunyumba adzukulu ankayankha m'Chishona, m'kombi Chishona, kuchipatala Chishona ndi Chizungu. Apa pokha ndi pamene munthu ankaseka m'chilankhulo cha mayi ake osayamba watembenuka kuti aone amene akumumva.

A Lameki anakalambira kupopera utoto magalimoto ku Willowvale, ndipo phokoso la makina linawagonthetsa khutu la kumanzere. N'chifukwa chake ankalankhula ngati akuitana munthu ali kutsidya kwa msewu. Chishona ankamva chonse, koma pakamwa pawo chinakana kupsa. Akangoti apereke moni, munthu ankadziwiratu kuti awa n'ngakuti. Iwo zimenezo analibe nazo ntchito.

Mnzawo wa ponda apa nane mpondepo anali Bambo Eliya, amene anagwira nawo ntchito fakitale imodzi kuyambira ali anyamata. A Eliya anali munthu wa mawu osalala, wodziwa kuseka pamene abwana aseka, ndipo Chishona chawo ngakhale mwini wake sakanachipezera chifukwa. Makapu a pakantinipo ankawadziwa bwino manja a a Eliya, poti ndi iwo ankawatsuka kawirikawiri.

Tsono a Lameki anali ndi nkhani imodzi imene tebulo lonse linailoweza pamtima: Primrose. Ameneyu anali mwana wa mlongo wawo Emelda. Bambo wa mwanayo, Mshona wina woyendetsa malole, anathawa mimba, n'kungosiya dzina lake basi. Emelda anamwalira mwana asanagweluke mano. A Lameki ndi akazi awo, amene nawonso anatsogola, sanapatsidwe mwana wawowawo, choncho Primrose ndiye anali maso awo. June aliyense mphumu inkamutseka pachifuwa, ndipo a Lameki ankamubereka kumsana ngati mayi, kuthamangira naye kuchipatala anthu akuwaseka m'njira. Akaweruka kusukulu ankadzalembera ntchito yake pa tebulo lomweli, pambali pa bawo. Kakapu kake kofiira kanali kakadali pa msomali wapansi, Mayi Febbie sanakachotse.

Mwanayo anakula, anaphunzira, napeza ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni, n'kusamukira komweko. Chaka chatha anabwera kudzawatsina khutu amalume ake kuti pali mnyamata, dzina lake Munya, ndipo akwawo adzabwera kudzaonekera. Liti? Mvula ikatha. Mvula inatha. Anthu akakolola. Anthu anakolola. A Lameki sanaonepo cholakwika. Anatenga jekete yawo ya ukwati n'kukaisiya kwa telala wa kutsidya kwa bwalo kuti aibweze m'mapewa, ndipo tsiku lililonse ankayeserera patebulopo mawu amene adzalankhule.

"Kwathu mwana satengedwa ngati mbuzi ya pamsika," ankatero, chala chili m'mwamba. "Mwini mbumba ndine. Nkhoswe ndine. Adzanjuta pamaso panga Ashona amenewo, ndipo ndidzawayankha m'Chichewa, a Eliya muzidzamasulira."

Tebulo linkaseka, ndipo oseka kwambiri anali a Eliya. Masiku omalizirawa kusekako kunkafupika, koma a Lameki ankati n'kuzizira.

Mwezi wathawo, bungwe lawo lothandizana pamaliro linafuna munthu woperekeza thupi la membala wina ku famu ya ku Banket. Amene anatchula dzina la a Lameki anali a Eliya. "Ndani wina amadziwa kulankhula pamanda ngati achimwene angawa?" Onse anavomera msangamsanga. A Lameki ananyamuka Lachisanu n'kubwerako Lamulungu, chifuwa chili patsogolo, akusimba mmene anthu analirira ndi mawu awo. Atamva kuti kantini inali yotseka Loweruka, anafunsa, ndipo Mayi Febbie anati gasi anawathera.

M'mawa wa tsiku limene tikunenali kunali mphepo ya June, yonyamula fumbi ndi mapepala a pulasitiki kuzungulira nazo bwalo lonse. A Lameki anali atawapanikiza a Eliya pa bawo, nkhomo zitadzaza kumbali kwawo, akuimba kanyimbo kowanyoza. Pafupi ndi butchala panaima galimoto yoyera. Munatuluka mnyamata wamtali wovala malaya osita bwino, atanyamula jumbo ya shuga, mafuta ndi sopo. Anaunguzaunguza, ndipo atangoona tebulo la pakona nkhope yake inawala.

Anafika, navula chipewa, naika jumbo pansi. Kenako ananjuta pafumbi pomwepo pamaso pa a Eliya, thalauza yabwinobwino, n'kuyamba kuomba m'manja mwaulemu, kugu, kugu, kugu.

"Shumba! Makadii, baba?"

Umu ndi mmene mkamwini wachishona amalonjerera apongozi ake: amanjuta, amaomba m'manja, amawatchula mutupo, ndiye kuti nyama imene mtundu wawo umatamandidwa nayo. Shumba ndi mkango. A Lameki anaseka mpaka kutsokomola.

"A Eliya! Mwasanduka liti mkango, inu woopa galu wa pabutchala? Nanga mwana wamkazi mwamutola kuti, poti kwanu kuli anyamata okhaokha?"

Palibe anaseka. Nkhomo zimene a Eliya anafumbata zinagwera pansi n'kumwazika. Kenako a Eliya anamuyankha mnyamatayo m'Chishona, kuti tadzuka mwanangu, kaya inu. Madala ena awiri amene anali patebulopo nawonso analonjera m'Chishona. Mayi Febbie anatuluka m'kontena akupukuta manja, nawonso Chishona chokhachokha, akukoka mpando mwaphuma kuti mlendo akhale uko, kutali ndi pakona.

"Makapu!" anakuwa a Lameki, akumenya tebulo. "Lero nonse mutsuka makapu, ndi a Febbie omwe!"

Ankaseka okha. Kuseka kumeneko kunawauma pakamwa pang'onopang'ono, chifukwa mnyamatayo anayamba kulankhula, ndipo khutu la kumanja la a Lameki linalibe vuto. Anapepesa pobwera mosadziwitsa. Anati anafika kunyumba kwa a Eliya, ndipo anamuuza kuti ali pamashopu. Anati mayi ake apereka moni, ndipo sakusiya kuyamikira mmene analandiridwira Loweruka lija la roora, tsiku lopereka malowolo. Atawayang'ana Mayi Febbie anawazindikira, n'kuombanso m'manja. "Si azakhali aja anatiphikira awa? Nyama ija mpaka lero kwathu akuinena."

Loweruka lija. Gasi anatha. Koma mutu wa a Lameki unali ukukanabe. Mwina ndi mwana wa m'bale wina wa a Eliya. Mwina.

Mnyamatayo anatembenukira kugalimoto n'kukodola ndi dzanja. "Primrose! Tabwera udzalonjere baba, ukukhaliranji m'galimoto?"

Chitseko chinatenga nthawi kuti chitseguke. Anatsika Primrose, atavala diresi yopyapyala yopanda juzi, akuyenda ngati waponda minga. Sanawayang'ane a Lameki. Anafika, nagwada pamaso pa a Eliya, naomba m'manja. Mayi Febbie, mwachizolowezi, anatambasula dzanja kuti atenge kakapu kofiira kaja, koma analibweza msanga n'kutenga kapu ya makasitomala.

"Nanga akuluakuluwa?" anafunsa Munya, poti anali iyeyo, akuyang'ana a Lameki.

A Eliya anayang'ana pa bawo. "Mnzanga wa kufakitale," anatero m'Chishona chawo chosalala chija. "Ndi wa ku Malawi. Timangotayira limodzi nthawi pa bawo."

Munya anawapatsa moni a Lameki ndi manja awiri, atawerama, akumwetulira. Anali mnyamata waulemu, wa maso abwino. Chikhala kuti anali wamwano, bwenzi zinapepukako.

Mayi Febbie anabwera ndi ketulo ngati akudzawonjezera tiyi m'kapu ya a Lameki, n'kuweramira ku khutu labwino lija. Ananong'ona mofulumira.

"Mayi ake a mnyamatayu analumbira kuti mwana wawo sangakwatire kwa anthu opanda mutupo, obwera. Mwana anadzalira pano, a Lameki. Dzina ali nalo kale la Chishona, chinkasowa ndi munthu woima ngati abambo ake aakulu. Tinati inu bodza simungalivomere, ndiponso mukangotsegula pakamwa zonse zaululika. Tinkati tidzakuuzani zikakhazikika. Chonde musamuwonongere."

Tinati. Tinkati. Ndiye kuti anakhala pansi, pa tebulo lomweli, mwina pa mpando wawo womwewu, n'kupangana za mwana wa Emelda. Ndiye kuti tsiku lililonse ankawaonera akuyeserera mawu a unkhoswe, chala chili m'mwamba ngati chitsiru, n'kumawawombera m'manja. Anawatumiza ku Banket kukalira maliro a eni, pamene kuno mwana wawo akuperekedwa ndi munthu amene sanamugulirepo ngakhale pensulo. Anthu amene anamwa nawo tiyi zaka zonsezi, amene ananyamula nawo bokosi la akazi awo! A Lameki anapwetekedwa mtima kuposa tsiku limene anaika Emelda, chifukwa imfa siimakuseka uli pomwepo.

Ukali unawakwera mpaka m'makutu. Zinali zosavuta. Chishona chawo chophotchokacho chinali chokwanira kunena kuti, mnyamata iwe, wanjutira munthu wolakwika, mwanayu ndi wanga, ndi Mchewa, ndipo mkango wakowu kwawo n'ku Ntcheu. Anatsegula pakamwa. Ndi pamene Primrose anadzutsa maso koyamba n'kuwayang'ana. Mapewa ake ankakwera ndi kutsika, ndipo a Lameki, ogontha khutu limodziwo, anamva kamluzu kaja ka m'chifuwa kamene palibe wina patebulopo anakamva.

Anatseka pakamwa. Anawerama n'kuyamba kutola nkhomo zimene zinagwa, imodziimodzi, n'kumaziika m'maenje a bawo. Atayamba kulankhula, analankhula m'Chichewa, motsitsa mawu, mmene anthu sanawamvepo chiyambire. Ulemu wa "inu" anausiya.

"Eliya, wautenga unkhoswe. Unkhoswe si wa Loweruka limodzi. Tsono mvera, poti ndiwe bambo wake."

A Eliya anamwetulira kumwetulira kouma, osayankha. Akanayankha bwanji, iwo mkango wosamva Chichewa?

"June akafika chifuwa chimamutseka. Asamatuluke m'mawa wopanda juzi ngati mmene wachitiramu. Mankhwala opopera azikhala m'chikwama, osati m'kabati. Nsomba za m'chitini zimamutupitsa nkhope, uwauze apongozi akewo. Akavutika sanena. Ukadzaona akusesa pamene wasesa kale, udzadziwe kuti m'nyumba simuli bwino, udzamufunse kawiri, koyamba amakana."

Mmodzi wa madala aja anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati. Mayi Febbie anaima ndi ketulo, tiyi akudontha pa phazi lawo osamva.

"Manda a mayi ake ali ku Mbudzi, chakumpanda. Pali mtanda wachitsulo, ndinaupaka utoto wabuluu wa galimoto, sungasochere. Akadzabereka udzamuperekeze, amayi ake akaone mdzukulu. Akadzamuthamangitsa adzagogoda pakhomo pako, osati panga. Udzatsegule. Ndipo jekete ili kwa telala uko, ukaitenge. Yako inang'ambika m'khwapa. Mwana wa Emelda asakalowe m'tchalitchi atagwirwa dzanja ndi munthu wong'ambika m'khwapa."

Munya ankamvetsera akumwetulira, mutu ataupendeka, monga munthu amamverera nyimbo ya pawailesi ya dziko lina. Anaganiza kuti madala akukangana za bawo.

"Chilankhulo chawo chimakoma," anatero, akumugwira Primrose paphewa. "Akuti chiyani? Iwe unakulira konkuno, sunatoleko pang'ono?"

A Lameki sanadzutse mutu, koma dzanja lawo linaima pamwamba pa bawo. Sankafuna zambiri. Primrose akanangoti ndimamva pang'ono. Akanangoti akunena za kuzizira. Mwana ameneyu mawu ake oyamba anali a Chichewa. Ankalota m'Chichewa, ankalira m'Chichewa kumsana kwawo panjira ya kuchipatala, akuti amalume ndikufa, iwo akuti sufa mwanawe ndilipo.

Primrose anayankha m'Chishona choyera, chopanda banga.

"Sindimva chilankhulo chawo."

Nkhomo yomaliza inagwera m'dzenje lake. A Lameki anadzuka, mawondo akulira, naima pamaso pa Munya. Mnyamatayo anaimirira msanga. Ndipo pa tebulo limene iwo eni analetsa Chishona, a Lameki analankhula Chishona, chokhotakhota chomwecho, mawu alionse akutuluka ngati akuzula dzino.

"Mwana wanga, mkazi wakoyu umusamale. Kukuzizira. Umugulire juzi."

"Ndamva, akuluakulu," anatero Munya, akuseka mokoma. "Lero lomwe."

A Lameki anagwedeza mutu. Anayamba kutolera makapu patebulo, ya a Eliya, ya madala awiri aja, yawo, n'kulowera ku beseni la kuseri kwa kontena. Mayi Febbie anawatsatira, misozi ili m'masaya.

"A Lameki, siyani, nditsuka ndine. Chonde siyani."

"Ndalankhula Chishona patebulo," anatero osawayang'ana. "Lamulo ndinaika ndine."

Anapinda manja a jasi lawo. Madzi anali ozizira ngati a m'firiji. Anatsuka kapu iliyonse bwinobwino, m'kati ndi kunja, mpaka pa chigwiriro pamene pamabisala litsiro, naipukuta ndi kansalu. Anapachika ya a Eliya pa msomali wake, makapu a enawo pa misomali yake. Kakapu kofiira kaja kanali ndi fumbi, nakonso anakatsuka n'kukabwezera pamalo pake. Yawo anaiika m'thumba la jasi.

"Achimwene," anatero a Eliya chapansipansi, Munya atatembenukira kugalimoto. Linali liwu loyamba la Chichewa kutuluka pakamwa pawo chifikire mlendo. "Bawo sitinamalize."

"Mwapambana," anatero a Lameki.

Anatsika pakhonde n'kulowa m'fumbi la pabwalo, kapu ikugunda pa ntchafu. Anadutsa pakhomo pa telala, amene anawakodola kuti jekete yatha, iwo osaima. Makondakitala ankakuwa za m'tauni, mayi wina ankakangana ndi kasitomala pa mulu wa matimati. Ali pakati pa makombi, anamva kumbuyo Primrose akutsokomola, chifuwa chouma chija chimene chimayamba pang'onopang'ono. Miyendo yawo inaima yokha, monga inazolowera zaka zonsezi, ndipo msana unawerama pang'ono kukonzeka kubereka.

Anaiuza miyendoyo kuti mwanayo ali ndi abambo ake, ndipo anapitirira.